Mafilimu atatu a nthabwala tsiku limodzi: mungatani kuti anthu afike kumapeto akusekabe?

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza:

"Ndili ndi filimu yoseketsa ya magawo atatu, ya anyamata osokoneza aja, phokoso lokhalokha. Pa holide ya pa 6 July ndikufuna ndiitane anzanga ndi asuweni, tonse ngati 15, tionere onse atatu motsatizana kunyumba kwanga. Ndili ndi TV ya mainchesi 43, wufa, inveta ndi batire la sola la 100Ah. Chaka chatha tinayesapo, tinayamba 7 koloko madzulo. Pofika pakati pa gawo lachiwiri ena anali atagona, ena atapita, inveta n'kuyamba kulira. Ulendo uno ndipange bwanji?"

Achimwene, vuto silinali filimuyo, ndipo musawadandaule anzanuwo. Munayamba mochedwa. Filimu ya nthabwala nthawi zambiri imatenga mphindi 90 mpaka 110, choncho magawo atatu ndi maola ngati asanu musanawerengere zopuma. Mukayamba 7 koloko madzulo, gawo lachitatu limakatha cha m'ma 1 koloko usiku, ku Bembeke, mu July, anthu atakhuta nsima. Tulo ta nthawi imeneyo palibe nthabwala imene ingatigonjetse.

Koma pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira: kuseka kumatopetsa. Filimu ya nkhondo kapena ya chikondi munthu amaionera ali phee. Yoseketsa imagwiritsa ntchito mimba, nthiti ndi mpweya, ndipo mphamvu yake yonse ili pa kudzidzimutsa. Munthu amaseka chifukwa sanayembekezere zimene zachitikazo. Tsono opanga gawo lachiwiri kawirikawiri amabwereza kayendedwe ka gawo loyamba. Anthu ndi omwewo, kupusa n'komweko, angosintha dziko kapena mwambo n'kukulitsa chisokonezo. Amene ankaonera mafilimu otere akungotuluka kumene ankadikira chaka kapena zaka ziwiri kuti gawo lina lifike, nthabwala zakale n'kuiwalika, pokumana nazonso n'kumafa nazo ngati zatsopano. Inu mukuwapatsa anthu nthabwala yomweyo patangopita mphindi zochepa. Tsobola wakale sawawa. N'chifukwa chake gulu limabalalikira pa gawo lachiwiri, ndipo zonse zimene tikulangizeni pansipa, kaya za nthawi, chakudya kapena batire, cholinga chake n'kuwolotsa anthu gawo limeneli mphamvu zikadalipo.

Tiyambe ndi mafilimu enieniwo

Onerani motsatira zaka zimene anatulukira. Nthawi zina gawo lachitatu limafotokoza zimene zinachitika gawo loyamba lisanayambe, ndipo pamapezeka wina wonena kuti tiyambire limenelo kuti nkhani iyende bwino. Musamumvere. Nthabwala za gawo limenelo zinalembedwera anthu odziwa kale khalidwe la aliyense. Munthu akangotulukira pa TV, oonera amayamba kuseka asanayankhule chifukwa akukumbukira zimene anachita kale. Mukaliika poyamba, zonsezo zimadutsa anthu ali duu. Chaka chimapezeka pa chikuto cha DVD kapena kumapeto kwenikweni kwa mayina, ndipo nthawi zina chimalembedwa m'manambala achiroma, monga MMXIV kutanthauza 2014.

Onetsetsaninso kuti mulidi ndi mafilimu atatu. Ambiri tinazolowera mafilimu a ku Nigeria amene nkhani imodzi imadulidwa pakati n'kutchedwa gawo loyamba ndi lachiwiri, ndipo mafilimu ena omasuliridwa m'Chichewa amadulidwanso chimodzimodzi kuti mafayilo achepe. Munthu amanyamula fulashi akudziwa kuti ali ndi magawo atatu, pamene ali ndi filimu imodzi ndi theka. Yang'anani kutalika kwa fayilo iliyonse. Ngati ikusonyeza mphindi 45 kapena 50, imeneyo ndi nusu.

Pa nkhani ya chiyankhulo, sankhani njira imodzi ndipo muitsate mpaka kumapeto. Ngati ambiri mwa anthu anu Chingerezi chothamanga chimawavuta, tengani omasuliridwa m'Chichewa, koma onse atatu akhale a DJ mmodzi. Omasulirawa amapatsa anthu a m'filimu mayina awoawo ndi kayankhulidwe kawokawo, ndipo oonera amazolowera msanga. Gawo lachiwiri likabwera ndi womasulira wina, munthu amene mumamudziwa ndi dzina lina akutchedwa dzina lachilendo, mphindi 20 zoyambirira zimathera m'mafunso. Mukasankha Chingerezi, yatsani mawu olembedwa m'munsi ngakhale nonse mukuchimva, chifukwa anthu 15 akaphulika kuseka, mawu otsatira amamizidwa, ndipo kawirikawiri nthabwala yachiwiri imabwera yoyamba isanazizire.

Chimene sitikufuna muchilumphe ndi ichi: mafilimu a phokoso a mtundu umenewu ambiri si a ana. Mumakhala kutukwana, kuledzera, maliseche ndi mankhwala osokoneza bongo. Onani chizindikiro cha zaka pa chikuto. Chilembo R ndi cha ku America, chotanthauza kuti wosakwana zaka 17 asaonere popanda kholo. A ku Britain amalemba 15 kapena 18. A ku South Africa amalemba 16 kapena 18 n'kuwonjezera zilembo ngati zimene mumaona pa DStv, L ya mawu otukwana, N ya maliseche, S ya zogonana, V ya ziwawa. Palinso mafayilo olembedwa kuti unrated kapena extended. Amenewo ndi otalikirapo, ndipo zimene anabwezeramo nthawi zambiri ndi zomwe zija zinachotsedwa chifukwa cha kunyanya. Kwa tsiku lanu tengani afupiwo. Ndipo ganizirani bwino za amene mukuwaitana. Asuweni vuto palibe, chisuweni chimalola nthabwala zotere. Koma mukakhazika m'chipinda chimodzi munthu ndi mlongo wake, kapena mkamwini ndi apongozi, pakafika pochititsa manyazi chipinda chonse chimazizira, aliyense maso pansi, ndipo chiseko sichibwereranso mwamsanga. Ana a pamudzi adzabwera pa windo akangomva wufa. Katani yokhuthala ndi munthu wamkulu mmodzi pakhomo n'zofunika.

Ngati ndi za panyumba, zosalipiritsa, ndi nkhani yanu ndi alendo anu. Mukangoika mtengo pakhomo, yasanduka bizinesi ya vidiyo, ndipo pamafunika chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, ndi cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso.

Fulashi ndi TV ziyenera kugwirizana dzulo lake

Zinthu zambiri zimawonongekera apa, anthu atakhala kale pansi. Filimu imene ikusewera bwino pa foni kapena pa laputopu ikhoza kukana pa TV, ndipo zifukwa zake zimadziwika.

Fulashi iliyonse ili ndi kakonzedwe kake kosungira mafayilo, monga FAT32, NTFS kapena exFAT. Yokonzedwa mu FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4GB. Kukopera kumalephereka. Ma TV ambiri amawerenga FAT32 ndi NTFS, koma ena akalekale sawerenga exFAT, ndipo amangonena kuti mulibe kanthu. Fayilo ya 720p (nambala imeneyi ndi muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi) imakhala pafupifupi 1GB, ya 1080p nthawi zambiri 2GB mpaka 4GB, choncho fulashi ya 16GB ikukwanirani. Pa TV ya mainchesi 43, kwa munthu wokhala mamita atatu, 720p ndi yokwanira ndithu.

Mukaona chithunzi chikuyenda koma mawu kulibe, kawirikawiri sikuti wufa yawonongeka. Mawu a fayiloyo ali mu DTS kapena mtundu wina umene TV yanu siudziwa. Mukamva mawu koma chithunzi chili bii, kapena TV ikukaniratu kutsegula, kawirikawiri fayiloyo ndi ya mtundu wa vidiyo wotchedwa HEVC, imene imalembedwanso kuti x265, ndipo ma TV akale saitha. Yosavuta pa TV iliyonse ndi MP4 ya H.264 yokhala ndi mawu a AAC. Ngati simungasinthe fayilo, lumikizani laputopu ndi chingwe cha HDMI, muisewere ndi pulogalamu ya VLC. Fayilo ya mawu olembedwa, ya .srt ija, ikhale m'foda imodzi ndi filimu ndipo dzina lifanane ndendende, apo ayi TV siiona.

Sinthani mayina a mafayilo akhale 01, 02, 03. Kenako, dzulo lake, pa TV yomweyo, ndi wufa yomweyo, tsegulani iliyonse. Onerani mphindi ziwiri zoyambirira, lumphani mufike pakati, lumphaninso mufike pa mphindi khumi zomaliza. Fayilo yokopedwa moperewera imayamba bwinobwino n'kukaima kumapeto, pomwe nkhani ikumasuka. Mverani ngati milomo ndi mawu zikuyendera pamodzi, chifukwa nthabwala imafa mawu akachedwa ngakhale ndi theka la sekondi. Khalani ndi kope lina pa foni kapena pa fulashi yachiwiri.

Masamu a batire

Inveta inalira chaka chatha chifukwa batire lanu lili m'malire enieni. Tiyeni tiwerengere limodzi. TV ya LED ya mainchesi 43 imadya mawati ngati 60 mpaka 80, titenge 70. Wufa yapakatikati, mutaikweza, ngati 40. Babu limodzi la LED, 5. Zonse pamodzi 115. Kwa maola asanu ndi 575Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Inveta imataya gawo lina la mphamvu ngati kutentha, choncho ku batire kukuchoka pafupifupi 680Wh. Batire la 12V la 100Ah lili ndi 1,200Wh pa pepala, koma ngati ndi lamadzi kapena la jelo simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, mukatero limafa msanga. Zotsala zogwiritsa ntchito ndi 600Wh. Mukuona kuti mukuperewera, ndipo apo tikunena batire latsopano lodzaza bwino. Likakhala la zaka ziwiri, usiku wozizira wa ku Dedza, limapereka zochepa kuposa pamenepo, chifukwa kuzizira kumachepetsa mphamvu ya mabatire a mtundu umenewu.

Wakuba wamkulu ndi mafoni. Foni imodzi kuti idzaze imatenga 15Wh mpaka 20Wh. Alendo khumi akalowetsa machaja, achotsa pafupifupi 200Wh, zimene zikanayendetsa gawo lathunthu la filimu. Auzeni pasadakhale kuti abwere atatchaja kwawo, ndipo bisani ekisitenshoni.

Njira zopulumutsira mphamvu ndi izi. Lowani m'ma settings a TV mutsitse backlight, kuwala kwa nyali zakumbuyo kwa chithunzi, ifike theka. M'chipinda chamdima chithunzi chimaonekabe bwino, ndipo kudya kumatsika kwambiri, chifukwa nyali zakumbuyoko ndi zimene zimadya mphamvu yambiri ya TV. Nthawi yopuma zimitsani TV, wufa ndi inveta yomwe, popeza inveta imadya ngakhale isakuyendetsa kanthu. Yambani masana kuti gawo loyamba liyende dzuwa likudyetsabe batire. Koma musadalire kwambiri zimenezi, mukudziwa nokha mmene July amakhalira ku Bembeke: tsiku la nkhungu ndi mawawa panelo imapereka zochepa zedi. Masiku awiri tsikulo lisanafike batire lipume, lidzaze, panelo muipukute fumbi. Ngati mnzanu ali ndi batire lina, libwere lodzaza, likhale pambali. Musalumikize pamodzi latsopano ndi lakale; lofooka limakoka lamphamvu. Sinthani pa nthawi yopuma. Magetsi akakhalapo tsikulo, gwiritsani ntchito magetsiwo, batire lidikire.

Mukamva wufa ikung'ung'uza mukalumikiza ku inveta, ndi inveta ya mtundu wotchipa uja wa modified sine wave. Italikitseni ndi zingwe za mawu, ndipo voliyumu ya TV ikhale yokwera, ya wufa yotsika, phokosolo limachepa.

Kakhalidwe m'chipinda

TV isayang'anizane ndi windo, chithunzi chimasanduka kalirole. Phimbani mawindo ndi mabulangete. Ikwezeni kuti m'munsi mwake mukhale pamwamba pa mitu ya okhala pamphasa, ngati mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pansi. Mizere itatu ya anthu asanu: kutsogolo mphasa, mita imodzi ndi theka kuchokera pa TV, pakati timipando tatifupi, kumbuyo benchi. Womaliza asapitirire mamita atatu ndi theka, kupitirira apo mawu olembedwa amayamba kuvuta kuwerenga. Pa simenti yalani makatoni kapena matumba pansi pa mphasa, chisanu chimalowera pansipo.

Za mawu, anthu amalakwitsa pokweza besi. Besi ndi ya nyimbo. Nthabwala zili m'mawu a anthu. Tsitsani besi ifike kotala, kwezani treble (ya mawu okwera), ndipo ngati TV ili ndi Clear Voice kapena Speech, sankhani imeneyo. Timasipika tating'ono tija tikhale m'mwamba mbali zonse za TV, osati pansi kuseri kwa miyendo ya anthu. Nyumba ya malata yopanda siling'i imabweza mawu; bulangete limodzi lopachikidwa pakhoma lakumbuyo limathandiza kuposa kuwonjezera voliyumu.

Ndondomeko ya tsikulo

Auzeni anthu 1 koloko, muyambe 1:30 masana kaya onse afika kaya ayi. Gawo loyamba ndi losavuta, anthu amakhala ndi mphamvu, litha cha m'ma 3:10. Pa gawo limeneli perekani zopepuka zokha, mbuliwuli ndi mtedza wokazinga. Theka la kilogalamu la chimanga cha mbuliwuli likukwanira anthu 15 pa gawo limodzi, choncho gulani kilogalamu yathunthu.

Kupuma koyamba ndi kumene kumapulumutsa gawo lachiwiri, ndipo kuchitike mwadala. Mphindi 20, ndipo aliyense atuluke panja, osatsala ngakhale mmodzi. Tsegulani chitseko ndi mawindo, mpweya wa anthu 15 utuluke. Kutentha ndi mpweya woguga m'chipinda chotseka n'zimene zimalemeretsa maso. Panjapo anthu ayende, awothere dzuwa, akambirane zimene zawaseketsa. Kubwereza nthabwala ndi pakamwa kumatulutsa chiseko chotsalira, ndipo polowanso munthu amakhala ngati akuyamba kumene. Asinthane malo, a kutsogolo apite kumbuyo. Apa perekani tiyi wotentha, makapu 15 ndi malita ngati asanu, koma chakudya cholemera ayi. Nsima musanalowe gawo lachiwiri ndiye mwawagoneka nokha.

Gawo lachiwiri liyambe 3:30, lithe cha m'ma 5:10, kusanade. Mu July dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 kuno, choncho amene akuchokera kutali, kaya ku Lizulu kaya ku Dedza boma, angathe kunyamuka kukuwala ngati sangakhale mpaka usiku.

Kupuma kwachiwiri ndi kwa chakudya, mphindi 50. Muli kwawo kwa kachewere, ndiye chipisi ndicho chosavuta: magalamu 300 pa munthu, ndiye kuti makilogalamu anayi ndi theka kapena asanu, mafuta malita awiri, kabichi mmodzi wamkulu ndi tomato wa saladi. Sendani ndi kudula m'mawa, muviike m'madzi ozizira kuti asade, ndipo muwaumitse ndi nsalu yoyera musanaponye m'mafuta, apo ayi mafuta amathetheka ndipo chipisi chimalobodoka. Wokazinga ayambe gawo lachiwiri litatsala mphindi 30; sankhani munthu amene analionera kale. Ngati pali mowa, uyambe pano, osati masana. Mafilimu a mtundu umenewu amakopa anthu kumwa motsanzira zimene akuona, ndipo amene wayamba 1 koloko pofika madzulo amakhala atagona kapena akuyankhula kuposa TV.

Gawo lachitatu liyambe 6 koloko, lithe isanakwane 8. Lachitatu kawirikawiri limasintha kayendedwe, limatseka nkhani za magawo awiri aja ndi kubweretsanso anthu amene anasowa, choncho amene awoloka lachiwiri amalimaliza mosavuta.

Mbaula ndi jenereta

Apa tikupemphani mumvetsetse, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Pa gawo lachitatu kudzazizira, ndipo wina adzati tilowetse mbaula. Mawindo mwaphimba ndi mabulangete, chitseko mwatseka, m'katimo muli anthu 15. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene sununkha ndipo suoneka. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kuwodzera, zomwezo zimene aliyense adzaziyesa kutopa ndi filimu. Munthu amagona anzake n'kumati musiyeni watopa, osadziwa kuti akukomoka. Mbaula ikhale panja, anthu akawothe nthawi yopuma, ndipo aliyense abwere ndi jekete kapena chitenje chofunda. Mukabwereka jenereta, ikhale panja, mamita asanu ndi limodzi kapena kuposa kuchokera pa chitseko ndi mawindo, potulukira utsi payang'ane kumbali. Pakhonde lotchinga kapena m'chipinda choyandikana si panja. Anthu awiri kapena atatu akayamba kudandaula mutu nthawi imodzi, zimitsani zonse, tulutsani aliyense, ndipo amene sakudzuka bwino athamangitsidwe kuchipatala.

Batire lamadzi nalo likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho likhale pamalo opita mphepo, kutali ndi kandulo ndi osuta fodya.

Rimoti ndi onenera

Rimoti ikhale ndi munthu mmodzi. Pakaseketsa, anthu amakuwa kuti bwezani, bwezani. Mukalola kamodzi mudzalola kakhumi, ndipo mphindi 100 zidzasanduka 140, ndondomeko yonse n'kugwa. Wogwira rimoti azilemba pa pepala nthawi ya malo amene anthu afuna, monga 42:10, mudzawabwereze pa kupuma kapena pamapeto. Kubwereza malo asanu oseketsa kwambiri mutamaliza zonse kumakoma kuposa kudula filimu pakati.

M'gulu lililonse mumakhala wina amene anaonera kale, ndipo sangaugwire mtima: "Taonani apa, taonani zimene achite!" Ameneyo wapha nthabwala isanabadwe. Mukambirane naye pambali musanayambe, mwaulemu, ndipo mumupatse ntchito, kaya ya tiyi kaya ya chiwaya. Mafoni akhale chete. Kuwala kwa foni imodzi m'chipinda chamdima kumakoka maso a mzere wonse.

Mayina akayamba kukwera kumapeto, musazimitse msanga. Mafilimu ambiri a nthabwala amaika pamenepo zithunzi, zolakwika za pojambula kapena kachigawo kena kakafupi, ndipo nthawi zina kamene kakulumikiza gawo limeneli ndi lotsatira kali pomwepo. Dzulo lake poyesa mafayilo muone ngati zilipo kuti mudziwe poimira.

Anthu akamabalalika, opita kutali ayende awiriawiri ndi tochi, makamaka odutsa m'mbali mwa msewu wa M1 usiku wa nkhungu, ndipo amene wamwa asakwere njinga yamoto. Mukonzeretu mphasa ziwiri za ogona. Mukatseka chitseko chotsani inveta pa batire. M'mawa mwake batirelo lipite pa dzuwa osalumikizako kanthu mpaka litadzaza, chifukwa batire lamadzi kapena la jelo likakhala masiku lili lotsika, mapuleti ake amagwira zoyera zolimba, ndipo silidzasunganso moto ngati kale.